Kope la amalume ndi funso loti anali olimba bwanji pa chess

Amalume atatisiya katundu wawo anagawidwa monga zimakhalira, wina jekete wina wailesi wina njinga, ine sindimayembekezera kanthu. Koma tsiku lomwe timabalalika anti anandikokera kuchipinda n'kundipatsa kope la hadikava, aja ofiira m'mbali amene timalembamo notsi ku sekondale, ati tenga iwe, ndiwe umakhala nawo pa bolodi paja, ife zalembedwamozi sitizimva.

Munali magemu a chess okhaokha. Tsamba lililonse gemu yake, pamwamba deti, kenako chilembo chimodzi cha dzina la amene amasewera naye, m'munsimu mizere iwiri ya mamuvu ndi dzanja lawo lija la uphunzitsi. Madeti ake a m'ma 1970 mpaka kumayambiriro kwa ma 1980. Ngodya zina mphemvu zinadya.

Ine chess anandiphunzitsa ndi iwowo pakhonde, koma nthawi imeneyo anali atakalamba kale, maso akuvuta, ndipo ndi mwana samasewera zenizeni, amandilola kubweza muvu, pena kuchotsa ruku yawo gemu isanayambe. Ndiye munthu amene ali m'kopemu, wamagazi otentha, ine sindinakhalepo naye pa bolodi. Nditatumiza zithunzi za masamba angapo pa gulu la banja pa WhatsApp, mwana wawo wachiwiri amene ali ku Johannesburg anandiimbira usiku womwewo. "Asuweni, inu mumazitsata izi. Adadi anali olimba bwanji kwenikweni? Akanakhala kuti akusewera lero bwenzi ali ndi rating yanji?" Ndinangoti ndiona, koma funsolo linandikhala pamtima mpaka pano.

## P-K4

Ntchito yoyamba inali yongowerenga kumene. Amalume amalemba kalembedwe kakale kaja ka P-K4, Kt-KB3, kamene FIDE, bungwe loyendetsa chess pa dziko lonse, inasiya kukavomereza mu 1981, ana a lero amadziwa e4 ndi Nf3 basi. M'kalembedwe kameneko bokosi limodzi lili ndi mayina awiri chifukwa aliyense amawerenga kuchokera mbali yake, P-K4 ya oyera ndi e4 koma P-K4 ya akuda ndi e5. Palinso PxP pamene maponi awiri angathe kudya, kapena R-Q1 osanena kuti ruku yake iti, ndiye umayenera kuitsatira gemu njira zonse ziwiri mpaka ina ikakanike yokha kutsogolo, mwina bishopu apezeke akufuna kudutsa pamene pali chinthu.

Ndimayala bolodi lenileni patebulo, foni pambali, kusuntha pisi ndi dzanja kaye kenako n'kulowetsa pa Lichess, webusaiti ya chess imene ili ndi Stockfish, injini ya pa kompyuta yoyeza muvu iliyonse. Zimachedwa zedi koma pali phindu lake, muvu ukaisuntha ndi dzanja umaimva kuti iyi ndi ya munthu wothamangira kapena woopa.

## Zimene Stockfish inanena

Magemu oyambirira anatuluka okongola kwabasi. Accuracy pamwamba, mabulanda pafupifupi palibe, average centipawn loss yotsika, ija imakuuza kuti pa muvu iliyonse umataya zingati poyerekeza ndi imene injini ikanasewera, 100 kukhala poni imodzi. Akakhala ndi oyera inali King's Gambit basi, kupereka poni pa f4 pa muvu yachiwiri, mapisi onse kuthamangira pa f7, mnzawo meti isanakwane muvu 25. Mtima unandigunda ndithu, ndinafunitsitsa kuti zikhale zoona zoti m'banja mwathu munali katswiri amene dziko silinamuone.

Koma manambala amenewa ali ndi khalidwe lawo, ndipo chitsanzo chake tonse tinachiloweza tili ana. Paris, 1858, Paul Morphy mnyamata wa zaka 21 wa ku New Orleans akusewera ndi Duke wa ku Brunswick ndi Count Isouard awiriwo akuthandizana, m'nyumba ya opera chionetsero chili mkati. Mamuvu 17 okha. Pa muvu 10 apereka hatchi pa b5, pa 13 ruku idya pa d7, pa 16 apereka kwini yemwe pa b8, pa 17 meti pa d8 ndi mapisi awiri okha amene anamutsalira, ruku ndi bishopu. Ilowetseni mu injini gemu imeneyi, mbali ya Morphy muipeza yoyera mbee.

Tsopano tembenuzani bolodi muone anzakewo. Pofika muvu 9 mfumu ikadali pakati, kwini wawo waima pa e7 watsekera bishopu wake yemwe, kenako akukankha b5 ngati kuti pali nthawi. Munthu akakupatsa malo otere mamuvu abwino amadziitana okha, ndipo wosewera wa kalabu amene amachita ma puzzle tsiku ndi tsiku angathe kupeza ambiri mwa iwo. Chimene gemu ija imationetsa bwinobwino ndi zimene Morphy amakonda. Pa muvu 8 poni ya pa b7 inali poyera, akanatha kuidya n'kulola kuti makwini asinthane, iye anaisiya n'kutulutsa hatchi pa c3. Apo mwamuona munthuyo mtima wake. Koma kuti anali wolimba mpaka pati, gemu imeneyi singakuuzeni, panalibe womukankha.

Ndipo nditabwerera m'kope ndinaona chinthu chimene chinali pamaso panga kuyambira tsamba loyamba, magemu onse aja amalume anawina. Kuyeza munthu ndi magemu otere kuli ngati kuyeza munda ndi chimanga chimene mwini wake wasankha kukaonetsa apongozi. Si amalume okha, zolembedwa zakale zambiri zili choncho, magazini amasindikiza zokongola, zotopetsa zija zimatayika. Pena ngakhale zokongolazo si zenizeni. Gemu yotchuka ya Alekhine ya makwini asanu pa bolodi, ofufuza anadzapeza kuti siinaseweredwe choncho, inali njira imene iye anaiganizira pambuyo pake n'kuifalitsa ngati gemu.

## Kope litatembenuka

Magemu owina aja amathera chapakati, kenako masamba opanda kanthu. Usiku wina magetsi atazima ndikulongedza patebulo ndi tochi ya foni, kope linagwa pansi n'kutseguka kumbuyo. Aphunzitsi akale anali ndi chizolowezi chimenechi, kope limodzi kuliyamba mbali zonse ziwiri, kuligadabuza n'kuyambiranso kumapeto. Kumeneko kunali magemu ena, dzanja lomwelo koma lothinana chifukwa anali aatali, mamuvu 50, ena kupitirira 60, mpaka kulemba m'mbali mwa tsamba. Onse anali oluza. Ndipo ambiri mwa iwo pamwamba panali chilembo chimodzimodzi, K.

Sindinadikire magetsi. Ndinayatsa kandulo n'kuyalanso mapisi.

Bambo K. ameneyu samalola King's Gambit. Amalume akati P-K4 iye amayankha P-K3, French, kutseka pakati ndi maponi, kukhala phee kumbuyo kwake. Gemu imene inandigwira kwambiri, amalume anaukira bwino ndithu mbali ya mfumu, K. anadziteteza movutikira mpaka anataya poni, ndipo utsi utatha amalume anali patsogolo ndi poni imodzi yathunthu, ina ya kumbali ya kwini yopanda woitchinga kutsogolo. Apa K. anabweretsa kwini wake maso ndi maso ndi wa amalume, kunena kuti tiyeni tisinthane. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu. Ukasinthana, matsala maruku ndi poni yako yoyenda, mfumu yako ili pafupi ndi pakati, ntchito yotsala ndi yoleza mtima basi. M'mawa mwake Stockfish inavomereza zomwezo, kusinthana ndiye inali njira.

Amalume anathawitsa kwini. Patapita mamuvu ochepa K. anaperekanso mwayi womwewo, iwo anathawitsanso, ulendo uno kumuponya kutali kumbali ya mfumu kukafuna meti imene kunalibe. Kwini wa K. anangolowa kumbuyo kumene kunasiyidwa kopanda mlonda n'kuyamba kutola maponi imodziimodzi, poni yoyenda ija inali yoyamba kupita. Chakumapeto, zinthu zitaipa kale, amalume anasiya bishopu pamalo podyedwa, gemu n'kuthera pomwepo.

Chimene chinandikhudza ndi cholembera chofiira. Amalume amabwerera m'magemu awo oluza n'kumachonga ngati mayeso a ana. Pa muvu ya bishopu ija anaika chizindikiro cha funso chachikulu, pambali n'kulemba mawu amodzi, "ndinagona". Koma pa mamuvu awiri aja othawitsa kwini panalibe kanthu, ngakhale kadontho. Kwa iwo gemu inatayika chifukwa cha tulo pa muvu imodzi. Sanaone kuti inali itapita kalekale pamene anakana kusinthana. Ndinatsegula ina, ndi inanso, nkhani yake yomweyo, akakhala patsogolo pang'ono safuna endgame, kumapeto kuja mapisi atatsala ochepa, amafuna amalize ndi moto, ndipo inki yofiira nthawi zonse ili pa bulanda yomaliza.

Ndili pomwepo ndinakumbukira mawu awo pakhonde paja, ine ndikafuna kudyetsa kwini wanga kuti ndidye wawo, amagwira dzanja langa n'kuti "Ayi mphwanga, kwini sasinthanitsa, gemu imazizira." Ndakhala ndikusewera zaka zonsezi ndi mawu amenewo m'mutu osadziwa kuti anachokera m'magemu enieni, ndi munthu weniweni amene ankawadikira pa endgame Loweruka lililonse. Usiku umenewo ndi umene ndinakumana nawo koyamba amalume a m'kopemo, ndipo ndinawapeza m'magemu amene analuza.

## Anderssen ndi muvu ya a3

Kuchokera pamenepo ndinabwereranso kwa Morphy ndi maso ena, kusiya za opera zija n'kufuna magemu amene wina anamuvutitsa. Alipo. Chaka chomwecho cha 1858 ku London anasewera ndi Löwenthal, anawina 9, kuluza 3, kulepherana 2. Ku Paris ndi Harrwitz anayamba ndi kuluza magemu awiri otsatizana kenako n'kutembenuza zinthu. Ndiye mu December kunabwera Adolf Anderssen, mphunzitsi wa masamu wa ku Breslau amene anawina mpikisano waukulu wa ku London mu 1851, munthu amene ambiri amamutenga ngati wolimba kuposa onse ku Ulaya. Morphy anali akudwala m'mimba, madokotala atamuchotsa magazi ndi misundu monga amachitira masiku amenewo, mpaka amasewerera m'chipinda cha hotela. Magemu 11, Morphy anawina 7, kuluza 2, kulepherana 2.

Gemu yoyamba Morphy analuza, yaitali yopitirira mamuvu 70. Kenako anayamba kuwina motsatizana mpaka Anderssen, mwini wake wa kuukira, anafika poyamba gemu ndi a3, kamuvu kooneka ngati kopanda ntchito, cholinga kungothawa malo otseguka amene Morphy amasambiramo. Anachita zimenezi katatu, anawinapo imodzi, kulepherana imodzi, kuluza imodzi. Werengani bwino pamenepo. M'magemu atatu amenewo anapeza poyinti imodzi ndi theka, chimodzimodzi ndi zimene anapeza m'magemu ena onse 8. Kwa ine izi zikunena zambiri za Morphy kuposa meti ya pa d8 ija, zikuonetsa kumene anali kutali ndi anzake onse komanso kumene munthu wolimba amatha kuyandikira. Bambo K. anachita zomwezo ndi amalume, anaona kumene mnzake samasuka n'kumamukokera komweko. Mdani amene wasewera nawe kambirimbiri ndi mboni yabwino kwambiri ya sitayilo yako, mamuvu ake amakulozera pamene iye anaona chibowo.

## Nambala imachokera kwa anthu ena

Rating si chinthu chimene chili m'thupi mwa munthu ngati kutalika kwake. Njira ya Arpad Elo, imene FIDE inayamba kugwiritsa ntchito mu 1970, imayeza kusiyana kwa anthu awiri basi. Ukamuposa mnzako ndi 200 umayembekezeka kutenga pafupifupi 76 peresenti ya mapoyinti, ukamuposa ndi 400 pafupifupi 91. Morphy anatenga 8 pa 11 kwa Anderssen, ndiye tinganene kuti amamuposa ndi china chake chochepera pang'ono 200. Koma Anderssen mwini wakeyo anali pa zingati? Apa mpofunika unyolo. Anderssen anasewera ndi Steinitz mu 1866, Steinitz ndi Lasker mu 1894, Lasker ndi Capablanca mu 1921, choncho mpaka kufika kwa anthu amene anali ndi rating yeniyeni. Elo mwini wake mu 1978 anayenda njira yoteroyo n'kupatsa Morphy 2690, Capablanca 2725. Jeff Sonas ndi Chessmetrics yake komanso Rod Edwards ndi Edo anadzachita zofanana ndi masamu awoawo. Koma manambala onsewa akunena za mmene munthu amaposera a m'nthawi yake, sakulonjeza kuti Morphy atadzuka lero angalimbane ndi munthu wa 2690 wa lero.

Ena anati tisiye zotsatira, tione mamuvu enieniwo. John Nunn, grandmaster wa ku England, anatenga mpikisano wa ku Carlsbad wa 1911 umene anawina Teichmann, n'kuyang'ana magemu ake onse osati osankhidwa okha, kuwayerekeza ndi a ku Biel a 1993. Anapeza mabulanda ambiri zedi amene mabuku a magemu okongola sationetsa, ndipo wosewera wina wapakatikati pa mpikisanowo, Hugo Süchting, anamuika cha m'ma 2100. Mu 2006 Matej Guid ndi Ivan Bratko a ku Ljubljana anadutsitsa magemu a mipikisano ya ukatswiri wa dziko lonse mu injini ya Crafty, kuyambira pa muvu 12 kuti zoloweza za opening zisawerengedwe, ndipo amene anatuluka wolakwitsa pang'ono kuposa onse anali Capablanca. Zomveka, munthu amene sanaluze gemu ya mpikisano kuyambira 1916 mpaka 1924. Koma iwo omwe anaonanso kuti Capablanca amasewera malo osavuta kuposa anzake, amachotsa zosokoneza msanga. Munthu ngati Mikhail Tal amene amalowa dala m'nkhalango adzaoneka wolakwitsa kwambiri pa muyeso umenewu, chonsecho ndi m'nkhalango momwemo mmene amamezera anthu, mpaka kumulanda Botvinnik ukatswiri wa dziko lonse mu 1960. Ndiye sitayilo imalowerera mu nambala, sungazilekanitse bwinobwino. Ken Regan wa ku Buffalo, amene njira yake imathandizanso kugwira obera ndi injini, amayesa kukonza zimenezi poyang'ana kuti pamalo aliwonse panali mamuvu abwino angati ndipo amasiyana motani.

Palinso wotchi. Nthawi ya Morphy munthu amatha kuganiza mmene angafunire, Louis Paulsen amene anakumana naye mu fainolo ku New York mu 1857 amadziwika ndi kukhalitsa pa muvu imodzi mpaka mnzake kutopa. Mawotchi a chess a nkhope ziwiri anayamba pa mpikisano wa ku London mu 1883. Bulanda ya munthu amene watsala ndi masekondi si yofanana ndi ya munthu amene ali ndi tsiku lonse, koma papepala zimaoneka chimodzimodzi. M'kope la amalume mulibe nthawi paliponse.

## Zimene ndinamuuza msuweni

Ndinachita zimene ndikanatha. Ndinachotsa mamuvu oyambirira oloweza, ndinachotsa malo amene gemu inali itatha kale mbali iliyonse, n'kutsala ndi pamene zinthu zinali zofanana ndipo panali njira zingapo zooneka zabwino. Amenewo ndinawaika pambali pa magemu aatali a anzanga amene rating yawo ya FIDE ndimaidziwa, owina ndi oluza omwe. Pa ma tactics amalume amaona patali, kombinesheni ya mamuvu atatu anayi samaiphonya kawirikawiri, pamenepo angafanane ndi anzanga olimba. Makwini akachoka pa bolodi amatsika kwambiri, mfumu amaisiya pakona, maruku amawaika kumbuyo kodikira.

Nditamuimbira ndinamuuza kuti adadi ake anali wosewera wolimba wa kalabu, penapake pakati pa 1600 ndi 1900, ndipo kuti amene angamupatse nambala imodzi yeniyeni kuchokera m'kope limeneli akungomusangalatsa. Anakhala chete pang'ono, ndikudziwa amafuna kumva zoposa apo. Ndiye ndinamuuza zimene ndilibe nazo chikaiko. Kuti bambo ake amakonda kuukira kuposa kuwina kumene. Kuti amapereka poni pa muvu yachiwiri mosaopa kwa aliyense. Kuti munthu mmodzi amawagonjetsa mobwerezabwereza koma iwo amabwererabe kwa yemweyo, osathawira kwa ofooka, ndipo gemu iliyonse yoluza amailemba yonse mpaka muvu yomaliza n'kuichonga ndi chofiira. Osewera ambiri amene ndimawadziwa pepala la gemu yoluza amalisiya patebulo pomwepo. Msuweni anati ndimutumizire gemu ya kwini ija aisewere yekha, pano waika pulogalamu ya chess pa foni.

## Bambo K.

Mpata wa 1600 mpaka 1900 ndi waukulu, ndipo chimene chingauchepetse si injini yamphamvu kuposa iyi, ndi K. Magemu a awiriwa alipo okwanira ndithu, a kutsogolo kwa kope ochepa amene amalume anamugonjetsa ndi a kumbuyo ambiri aja, ndiye kusiyana kwawo kungathe kuwerengeka. Chikusowa ndi mphete imodzi yolumikiza K. ndi dziko la ma rating, monga Steinitz amalumikizira Anderssen kwa Lasker.

Ndinawafunsa anti. Akumukumbuka bwino, bambo wamtali wosalankhulalankhula amene amabwera pa njinga Loweruka masana, nsima imachita kuzizira chifukwa samadya gemu isanathe, ndipo akuti nthawi zina amapita ku Blantyre kukasewera mipikisano. Mawu omalizawo ndi amene ndawagwira. Ndayamba kufunsa madala amene ankasewera zaka zimenezo ngati wina anasunga mapepala a magemu kapena zodula za m'nyuzipepala zokhala ndi zotsatira. Ndikangopeza tebulo la mpikisano ngakhale limodzi pamene K. ali pamodzi ndi munthu amene anadzakhala ndi rating ya FIDE, ndiyambiranso kuwerengera kuchokera pamenepo. Ngati kwanu kuli kope lotere m'sutikesi ya agogo, lokhala ndi French yambiri mbali ya akuda, chonde ndiuzeni.